Mizere Isanu ya Mtedza

Ndikukumbukira chaka chomwe ndinabwereza Sitandade 8. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, wamtali kuposa anyamata ambiri a m'kalasimo, ndipo manyazi anali atandikwana. Anzanga omwe ndinayamba nawo sukulu anali atasoketsa mayunifolomu a ku sekondale, pomwe ine ndinabwerera pa desiki yomwe ija, nditavala diresi lomwe lija lomwe linali litayamba kale kulekeza pamwamba pa mawondo.

Nyumba yathu inali m'mphepete mwa msewu wafumbi wopita ku Kabudula, ndipo sukulu yathu inalinso m'mphepete mwa msewu womwewo. Apa ndiye panagona vuto langa. Panalibe chodutsa mumsewu umenewo ine osachiona. Njinga ya munthu aliyense ndinkaidziwa ndi kulira kwa tcheni chake. Ndinkadziwa ngolo ya ndani yapita kuchigayo, mayi wa mudzi uti wathamangira kuchipatala mwana ali kumbuyo, mnyamata wa kwa ndani wayamba kudutsadutsa pakhomo pa mtsikana uti. Amayi akafuna kudziwa zochitika m'dera lathu sankavutika n'kupita kumjigo, ankangodikira kuti ine ndiweruke. Aphunzitsi athu a Sitandade 8, a Chimkono, ananditcha Wailesi, ndipo dzinalo linakula mpaka kukwirira dzina langa lenileni la Enelesi. Kunena zoona, ndinkalinyadira.

Mutu wanga unkagwira ndithu, musaganize kuti ndinali mbuli. Kungoti ndinkakhala pawindo, ndipo phunziro lililonse ndinkalimva chiyambi chake chokha. A Chimkono akamafika pakati, ine ndinali nditatsagana kale ndi wina wake wodutsa panja. Funso ndikaliwerenga mawu atatu oyamba ndinkati ndalidziwa, n'kuyankha zanga. Pa mayeso ndinkamaliza woyamba, n'kutuluka monyada, anzanga akadali kutuluka thukuta.

Zotsatira za chaka choyamba zitatuluka dzina langa palibe, amayi aang'ono okhala ku Lilongwe anatumiza uthenga woti akufuna mtsikana wowalerera mwana. Amayi anati ndipite. Sananene mwankhanza ayi, anangoti sukulu yandikana, ndipo kuli bwino ndikaphunzire ntchito zapakhomo kwa m'bale wawo kusiyana n'kumangotha nsapato. Koma bambo anapempha chaka chimodzi chokha. Anagwirizana choncho: ndikalepheranso, ndikwera minibasi ya ku Lilongwe. Ine ndinali nditaonapo atsikana opita m'tauni mwa njira imeneyo. Ankabwera pa Khirisimasi atavala bwino, akununkhira mafuta, koma palibe ngakhale mmodzi yemwe anabwereranso m'kalasi. Ndinkaopa kwambiri, ngakhale sindinauze munthu.

Bambo anga sanapite kusukulu. Pofunika kusaina ankadinda chala. Anali munthu wochita zinthu pang'onopang'ono, moti ine ndinkatopa nawo ndikamawaona akumanga mtolo wa nkhuni ngati kuti mawa kubwera oyendera mitolo. Koma ankadziwika ndi chinthu chimodzi: mbewu yawo ya mtedza. Nyengo yodzala ikayandikira, anthu ankachokera midzi ina kudzasinthitsa chimanga kapena nkhuku ndi mtedza wa bambo, chifukwa ankati ukadzala umenewo palibe phando lokhala chabe.

Mu Okotobala a Chimkono anatilembetsa mayeso oyeserera, n'kutipatsa mapepala kuti tikaonetse makolo. Anga anali ofiira ndi inki. Ndili m'njira ndinapangana ndi mtima wanga kuti amayi ndisawaonetse, poti iwo anafika Sitandade 5 ndipo manambala amawazindikira. Ndinaganiza zokapereka kwa bambo, omwe akanangoyang'ana n'kunena kuti zikomo. Ndinadziona wochenjera kwabasi.

Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akusema mpini. Analandira mapepala aja ndi manja awiri, n'kuwayala pansi limodzilimodzi, lililonse n'kulipsinja ndi kamwala. Kenako anaimirira, manja kumbuyo, n'kumawayang'ana monga ankayang'anira munda mvula ikagwa. Anatenga nthawi mpaka miyendo yanga inayamba kuyabwa.

"Ine kuwerenga sinditha, ukudziwa," anatero. "Koma zofiirazi alemba ndi aphunzitsi, eti? Nanga bwanji kumtunda kwa pepala lililonse kuli bwinobwino, koma kumunsi kuno zopingasa zokhazokha? Kodi mafunso ovuta amawasungira kumunsi?"

Anagwada n'kulondola ndi chala mmene zilembo zanga zinkayendera. Anati kumtunda zaimirira bwino, pakati zayamba kupendekeka, kumunsi zagoneratu ngati chimanga chowombedwa ndi mphepo. Ndiye anafika pa pepala lomaliza, pomwe ndinalemba manambala a mafunso asanu koma osayankha ngakhale limodzi.

"Apa sunalepherepo," anatero. "Apa sunafikepo n'komwe. Unali kuti?"

Ndinkadziwa bwino komwe ndinali. Tsiku la mayesolo bambo wina ankadutsa ndi nkhumba atayimanga pa njinga, nkhumba ija n'kumasuka pafupi ndi bwalo la mpira. Ndikanatha kuwafotokozera mtundu wa nkhumbayo, malaya a mwini wake, ndi mayina a anyamata onse omwe anaithamangitsa. Funso la nambala 16 lokha ndi lomwe sindikanatha kunena kuti linkafunsa chiyani.

Ndinayembekezera mkwapulo kapena ulaliki, koma sizinabwere. Anasonkhanitsa mapepala aja, kuwasasa fumbi, n'kundibwezera. Anangondiuza kuti Loweruka ndidzawathandize kusankha mbewu, ndipo chaka chimenecho mizere isanu ya kumalire a munda, mbali ya kumsewu, ikhala yanga. Mtedza womwe ndisankhe ndekha ndi womwe ndidzadzale, ndipo zomwe ndidzakolole zidzakhala zanga. Ndinasangalala, n'kumati nkhani ya mayeso yatha bwino chonchi.

Loweruka lija anandipatsa lichero langa ndi mulu wanga wa mtedza woswa kale. Anandionetsa wofunika kuchotsa: wokwinyika chifukwa chosakhwima, wofumbwa, wosweka pakati, wosupuka khungu, ndi wina wooneka bwino koma wakuda kunsonga. Iwo anakakhala kuseri, atayang'ana nkhokwe. Ine ndinanyamula lichero langa n'kukakhala pakhonde la kumaso, poti linali tsiku la msika ndipo msewu unali wodzaza. Manja ankagwira ntchito, maso ali kwina. Dzuwa lisanakwere n'komwe ndinali nditamaliza, pomwe bambo anafika mpaka masana akadali pa mulu wawo. Nditawapititsira lichero langa anavundula mtedzawo ndi zala, n'kuuthira m'kathumba kakekake.

Mvula yodzalira itagwa, tinalawirira kumunda. Fungo la dothi lonyowa lija ndimalimvabe mpaka lero. Ndinayambira kumtunda, pafupi ndi chulu, n'kumatsika cha kumsewu, ndipo monga mwa nthawi zonse ndinamaliza woyamba. Ndinakhala pachulu paja n'kumaonerera anthu opita m'minda yawo, kwinaku ndikuwaseka bambo mumtima kuti akadali pa mzere wachitatu.

Patapita masiku khumi anandidzutsa m'mawa kuti tikaone munda. Mizere yawo inali itabiriwira mofanana kuchokera uku kufika uko, timitengo tonse titatalikirana molingana. Kenako ndinafika pa yanga. Kumtunda, pafupi ndi chulu, kunali bwino ndithu. Pakati panayamba kuoneka mipata. Kumunsi, mbali ya kumsewu, kunali zomvetsa chisoni: pena mtedza utatu wamera pamodzi n'kumapanikizana, pena dothi lokhalokha mtunda wokwana kugonapo munthu. Mzere wachinayi unali ndi chigawo chomwe zinkaonekeratu kuti sindinaponyepo kanthu.

Bambo anandiuza kuti ndifukule ndi chala pa phando limodzi lopanda kanthu. Ndinafukula, n'kupeza mtedza wofewa, wakuda, wonunkha. Nditaufinya unaphwanyika n'kundisiyira utoto pachala.

"Umenewu sunawolere m'dothi muno," anatero. "Unali wodwala kale tsiku lija pakhonde. Unadutsa m'manja mwako iwe osauona."

Sanatchule za mayeso ngakhale pang'ono, koma ine ndinaona mapepala anga aja atayalidwa m'mundamo, kumtunda bwinobwino, kumunsi zofiira. Ndinalira, ndipo sikunali kulira kwa chisoni chabe, ndinapsanso mtima. Chomwe chinandipweteka koposa n'chakuti mizere yanga inali ya kumsewu. Aliyense wodutsa ankaiona. Amayi awiri opita kudimba anaima n'kufunsana mokweza ngati bambo ayamba kudwala maso, wina n'kuyankha kuti ayi, imeneyo ndi mizere ya Wailesi. Pofika madzulo nkhaniyo inali itazungulira mudzi. Kwa zaka zonsezo ine ndi amene ndinkanyamula nkhani za anthu, tsopano nkhani ndinali ine, ndipo ndinamva mmene zimawawira.

Ndinapempha kuti ndipakize, ndiko kuti ndidzalenso m'mipata monse momwe simunamere. Bambo anavomera, koma anati mbewu yopakizira ndisankhenso ndekha, ndipo ulendo uno ndikhale pambali pawo.

Tinakhala kuseri kwa nyumba, msewu uli kumbuyo kwathu. Apa m'pomwe ndinaona koyamba mmene bambo ankagwirira ntchito yawo, ngakhale ndinakulira pakhomo pomwepo. Sankavundula mulu wonse. Ankatapa kodzaza dzanja limodzi basi, n'kusunthira mulu uja kumbali kuti asauone. Mtedza uliwonse ankaugubuduza pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, kuuyang'ana mbali zonse, kenako n'kuuponya koyenera. Dzanja likatha, ankayang'ananso zomwe aponya m'lichero asanatape zina. Ndipo akamva kuti maso ayamba kulemera, sankaumirira. Ankaimirira, kudziwongola, kuyenda mpaka kumsewu, kupereka moni kwa odutsa, n'kubwerera.

Anandiuza kuti nanenso ndizichita chimodzimodzi, ndipo kumsewu sakundiletsa. Ndikamaliza manja asanu ndizipita ndikaone mpaka ndikhute, koma ndisamadzuke dzanja lili pakati.

"Maso uli nawo abwino, kuposa anga," anatero. "Kungoti umabwereka aliyense wodutsa. Ntchito yako ikamawafuna, imapeza apita."

Sizinali zophweka. Belu la njinga likalira kumbuyo kwanga, khosi linkatembenuka lokha ndisanaliuze. Wina akaseka mumsewu, mtedza womwe unali m'zala zanga ndinkangouponya osadziwa kuti ndauponya kuti, ndiye bambo ankautola mwakachetechete n'kundibwezera m'dzanja. Anandibwezera kambirimbiri tsiku limenelo. Ndinaluma mano, n'kudziuza kuti anthu a m'mudzi muno sadzasekanso mizere yanga. Pofika masana ndinali nditasankha mtedza wochepa, wosadzaza ngakhale mbale, koma ndinkaudziwa uliwonse.

Lolemba lotsatira ndinapita ndekha kwa a Chimkono n'kuwapempha kuti andichotse pawindo. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo n'kufunsa ngati Wailesi yatha mabatire, kalasi yonse n'kufa nacho chiseko. Koma anandisuntha. Poti ndinali wamtali ndipo ndikanatchinga ana aang'ono, anandiika kutsogolo chakukhoma, komwe kunalibe choona china koma bolodi ndi njerwa. Mnzanga wa pa desiki, Esinati, anandinyanyalira sabata yathunthu. Anati ndayamba kudzimva.

Kunyumba ndinasamutsira makope anga kuseri kuja. Ndinatengera njira ya mtedza ija: ndinkaphimba tsamba ndi pepala lina kuti lizioneka funso limodzi lokha, chala chili pansi pa mawu, kuliwerenga mpaka kumapeto kwake ndisanagwire cholembera. Ndikayankha mafunso asanu ndinkabwerera kuwayang'ananso, kenako n'kupita kumsewu kukapuma. Vuto linali amayi, omwe ankati akandiona nditakhala pansi ndiye kuti ndilibe chochita, n'kundituma kukatunga madzi kapena kukapempha mchere. Bambo anakonza nkhaniyo mwa njira yawo. Anakhoma kachikhomo pansi n'kunena kuti mthunzi wa nkhokwe ukafika pamenepo, munthu asanditume mpaka mthunziwo ukakhudze mpanda. Amayi anang'ung'udza kuti nyumba ino yasanduka ofesi. Koma patapita milungu ingapo ndinawamva akubweza anzanga pakhomo, akuwauza kuti abwerenso mthunzi ukafika kumpanda. Chomwe ankadandaula n'chakuti masiku amenewo nkhani za m'mudzi ankazimva mochedwa.

Ndisaname kuti ndinasinthiratu tsiku limodzi. Masiku ena a msika ndinkapita kumsewu kukapuma pang'ono, n'kubwerako mthunzi utadutsa kale mpanda. Mayeso a teremu yachiwiri ndinakhoza pakatikati, osati moti n'kuimba nthungululu. Bambo anawayalanso pansi mapepalawo, n'kuona kuti zofiira zachepa ndipo zamwazikana, sizinaunjikanenso kumunsi. Anati zimenezi ndiye zolakwa zenizeni, zoti aphunzitsi angathe kundithandiza, ndipo ndipite nazo kwa a Chimkono ndikafunse chimodzichimodzi. Mtedza wopakiza uja unamera wonse, koma unatsalira msinkhu, sunafanane ndi woyamba. Bambo anati kupakiza kumapulumutsa munda, koma kumaposedwa ndi kudzala bwino poyamba.

Mayeso enieni anafika mu Meyi, nthawi yomwe anthu amakhala akututa mabelo a fodya. Otiyang'anira anachokera kusukulu zina, ndipo anatikhazika motsata manambala athu a mayeso. Ndinafufuza nambala yanga n'kuipeza. Anali atandiika pawindo, lomwe lija, loyang'ana kumsewu. Ndinapempha kuti andisinthe, koma woyang'anirayo anati malo ndi a nambala, si a munthu.

Masiku oyamba ndinalimba. Tsiku la masamu, tili pakati pa pepala, kunja kunamveka chiphokoso. Munthu ankakuwira ng'ombe, mateyala a ngolo akugunda m'maenje, kenako chinthu cholemera chinagwa mpaka desiki yanga inanjenjemera. Anthu anayamba kuthamanga, ena akufuula, ena akuseka. Fumbi linalowa pawindo limodzi ndi fungo la fodya. Mipando inalira m'kalasi monse anzanga akusuzumira, ndipo ngakhale woyang'anira mmodzi anapita kukaima pakhomo.

Ine ndi amene ndinali ndi malo abwino kuposa onse. Ndikanangotembenuza mutu pang'ono, ndikanaona zonse. Khosi linayamba kale ulendo wake. Koma chala changa chinali pakati pa funso, ndipo ndinamva ngati bambo andibwezera mtedza m'dzanja. Ndinakumbukira utoto wakuda uja pachala, ndinakumbukira minibasi ya ku Lilongwe. Ndinaimika dzanja lamanzere pambali pa nkhope ngati chotchinga, n'kuyambiranso funsolo kuchokera pa liwu loyamba. Ndinaliwerenga kawiri, chifukwa ulendo woyamba makutu anali akadali panja. Ndinayankha, n'kutsitsa chala pa lotsatira.

Nditafika kumapeto sindinadzuke. Ndinayambira kumunsi kubwerera kumtunda, kufunafuna mipata, ndipo ndinaipeza iwiri, n'kuipakiza. Tsiku limenelo ndinatuluka womaliza. Mumsewu munali mutatsala mikwasa ya mateyala ndi tizidutswa ta masamba a fodya basi. Esinati anandithamangira kuti ndimufotokozere bwino, poti iye anali kutali ndi windo. Nditamuuza kuti sindinaone, anaganiza kuti ndikumunamiza.

Kunyumba ndinapeza bambo akuthothola mtedza pabwalo, amayi akupeta. Amayi sanafunse n'komwe za mayeso. Anati amva kuti ngolo yagwa pasukulu, ndiye ndiwauze inali ya ndani, ng'ombe zinadzidzimuka ndi chiyani, ndipo woyendetsa wavulala kapena ayi. Ndinati sindikudziwa. Anaika lichero pansi n'kundifunsa ngati sindinali pawindo. Ndinati ndinali pomwepo, koma ndinali pa funso.

Bambo sanadzutse mutu. Anathothola mtedza wina, kuugubuduza m'zala, n'kuuponya m'dengu.

"Amake Enelesi," anatero, "atumizireni uthenga ang'ono anu. Afune mtsikana wina."

Zotsatira zinali zisanatuluke, zinatenga miyezi. Zitatuluka, dzina langa linalipo. Sindinasankhidwire sukulu yogonera komweko ayi, inali sekondale yoyendera, ya mtunda wautali pa njinga, koma minibasi ija sindinakwere. Amayi ndi amene anaimba nthungululu mokweza kuposa aliyense.

Lero ndine mphunzitsi, ndipo ndimaphunzitsa Sitandade 8 kufupi ndi Nsaru. Chaka chilichonse ndimalandira ana akuluakulu omwe makolo awo amabwera nawo akunena kuti mwanayu samva, ndi wopanda mutu, takalipa mpaka tatopa. Ndisanawerenge pepala la mwana wotere, ndimaliyala patebulo n'kuima chapatali, manja kumbuyo, kuona pomwe zofiira zayambira. Kawirikawiri ndimapeza kuti mutu ulipo, maso aliponso, koma pali msewu wina womwe ukuwatenga. Kwa ena ndi foni ya mkulu wawo, kwa ena ndi kanema wa pa sitolo, kwa ena ndi njala kapena mkangano wa kunyumba. Kumuuza mwana wa msinkhu umenewo kuti "tamamvetsera" sikuthandiza, ine anthu anandiuza kwa zaka zisanu ndi zitatu. Chomwe bambo anachita n'kundionetsa ndi maso anga pomwe ndinkatayikira, kundipatsa ntchito yokwana dzanja limodzi, kunditchinjirizira nthawi, n'kundisiyira msewu wanga kuti ndiziuona ntchito ikatha. Anachita zonsezi osatha kuwerenga ngakhale dzina langa.

Za ngolo ija ndamva nkhani zosiyanasiyana. Ena amati ng'ombe zinaopa njinga yamoto, ena amati goli linathyoka, Esinati mpaka lero amalimbikira kuti woyendetsa anali atagona. Ndikapita kumudzi n'kudutsa pamalo paja, mtima umafunabe kudziwa, poti Wailesi sinafe. Pa zonse zomwe zinachitika mumsewu umenewo ndili mwana, imeneyo ndi nkhani yokhayo yomwe inandiphonya, ndipo ndikanaiona bwenzi lero ndilibe kalasi yoti ndiimemo.